Tikabichi ta ku Brussels: Fesani Mvula Isanathe

Amayi anzanga, sabata ino ndati tikambirane za mbewu ina ya ndiwo imene ambiri a ife sitinailaweko, ngakhale kuti ndi mphwake weniweni wa kabichi amene timagula masiku onse pa Chitakale ndi pa Limbuli. Pa kapepala ka mbewu yake amalembapo kuti Brussels sprouts. Dzina la Chichewa ilibe, tsono ife m'gulu lathu la amayi tinangoti ndi "tikabichi", poti ndimo momwe imaonekera. Mbewuyi simanga mutu umodzi waukulu monga achitira kabichi. Imakula choimirira, tsinde lake n'kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo m'khwapa mwa tsamba lililonse mumatuluka kamutu kolimba, kofanana ndi dzira la nkhunda. Timitu timeneti timandandalikana kuzungulira tsinde, kuyambira pansi kukwera kunsonga, monga muonera mapapaya pa mtengo wake.

Ndisanafotokoze kalimidwe kake, ndiyambe ndaulula manyazi athu, kuti inu musadzagwe m'mbuna imene tinagwamo ife.

Zaka zinayi zapitazo, mwana wa mnzathu wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anatumiza timapepala tiwiri ta mbewuyi pamodzi ndi katundu wa mayi ake. Inali nthawi ya dzinja, ntchito ili tho m'minda, choncho tinasunga mbewuyo m'chitini mpaka titakolola. Mu Juni, pamene mayi aliyense kuno amatsikira kudimba kukafesa repu, mpiru ndi chainizi, ifenso tinafesa tikabichi tathu. Tinatipatsa mabedi atatu abwino koposa m'dimba la gulu, pafupi ndi madzi. Tinamera bwino, tinakula mochititsa kaso, masamba ali biriwiri, anthu odutsa n'kumaima kuti afunse. Repu wa anzathu anathyoledwa kasanu, ndalama zikulowa m'mipango, ife tikungothirira. Mwamuna wa mmodzi wa ife ankafunsa mkazi wake madzulo alionse kuti, "Kodi mayi a ana, kabichi wanu uja akadali m'chikuta?"

Pofika mu Okutobala dzuwa linaswa mtengo. Timitu tija tinatuluka ndithu, koma m'malo molimba tinangomasuka ngati maluwa, m'kati mwake mutadzaza nsabwe zotuwa. Titaphika, ana anakana ndi kulawa komwe chifukwa cha kuwawa. Miyezi isanu yonyamula kheni m'mawa ndi madzulo inakathera m'khola la mbuzi.

Amene anatitsegula m'maso ndi agogo ena a m'mudzi mwathu, amene malemu amuna awo anagwira ukhuki zaka zambiri m'nyumba ya Mzungu pa esiteti ina ya tiyi. Atamva dandaulo lathu anaseka, nati, "Ana inu, safunsa anadya phula. Atate anu aja ndiwo zimenezi ankafesa mvula ikugwa, anthu akuotcha mondokwa, n'kumathyola anthu akuotha moto. Inu mwafesa pamene iwo ankakonzeka zothyola." Pa mawu a agogowa mpamene pagona nkhani.

Mbewu yochedwa, yokonda chisanu

Kwawo kwa mbewuyi n'kozizira. Dzina lake linachokera ku mzinda wa Brussels, likulu la dziko la Belgium ku Ulaya, kumene alimi akhala akuilima kwa zaka mazana angapo. Ku Mangalande ndi ndiwo yosasowa patebulo tsiku la Khirisimasi, poti Disembala wawo ndi mwezi wa chisanu choopsa. Chenjerani nazo tsono zolembedwa kuseri kwa kapepala ka mbewu. Kochokera ku Ulaya kamatchula miyezi ya kwawoko, imene ndi yotembenuka ndi yathu, ndipo ngakhale kochokera ku Joni kanalembedwera dziko lozizira kuposa Mulanje.

Makhalidwe a mbewuyi ndi awiri, ndipo onse awiri amatsutsana ndi chizolowezi chathu cha kudimba. Choyamba, ndi yochedwa. Repu timayamba kuthyola patangotha mwezi ndi theka, kabichi amamanga m'miyezi itatu chiwokerereni, koma tikabichi timafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lofesa. Chachiwiri, timitu take timalimba pokhapokha kukamazizira. Timakondwa kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 18, ndipo kukamapitirira 24 masiku otsatizana timayamba kumasuka. Chisanu sichitipha ai. Chimachititsa kuti shuga achuluke m'timitumo, kuwawa n'kuchepa.

Tiyeni tiwerenge miyezi chobwerera m'mbuyo, monga achitira mayi wodwala pakati pofuna kudziwa nthawi yake. Kuno kwathu miyezi yozizira kwenikweni ndi Juni ndi Julayi, Meyi ndi Ogasiti n'kumathandizako. Ndi nthawi ya chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu ija imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepo yake imadzera. Tikufuna kuti timitu tizimanga mu Juni ndi Julayi, kuti tithyole kuyambira kumapeto a Julayi mpaka Ogasiti yense, dzuwa la Sepitembala lisanakwiye. Ndiye kuti mbande ziwokeredwe kumayambiriro kwa Epulo. Ndipo kuti mbande zikhale zokonzeka mu Epulo, mbewu ifesedwe pakati pa Febuluwale, mochedwetsetsa pakati pa Malichi. Malichi akatha musanafese, musadzivute. Sungani mbewu yanu mpaka chaka chamawa, bedi lanu mufesepo repu.

Ndikudziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wovuta kwa mayi. M'nkhokwe mumakhala mulibe kanthu, malungo ali pakhomo, ena tili kuganyu, ena tikuthyola tiyi kuyambira mbandakucha poti ndi nthawi imene tiyi amaphukira kwambiri. Za dimba sitiziganizira n'komwe. Koma ntchito imene ikufunika mwezi umenewo ndi ya beseni limodzi lokha, monga ndifotokozere pansipa.

Si paliponse m'boma lathu

Pano ndinene mosapsatira, poti sindifuna kuti wina adzanditemberere mu Okutobala. Anthu akunja akamva za Mulanje amaganiza za Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, n'kumayesa kuti tonse timakhala m'chisanu. Koma ife tili kunsi kwa phiri. Pa Boma sitifika ngakhale mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene anzathu a ku Dedza ali pamwamba kuposa mamita 1,500. Kwa iwo mbewuyi ndi yosavuta. Kwa ife khomo lake ndi lopapatiza, n'chifukwa chake sabata ziwiri zochedwa zimaononga zonse. Pamwamba pa phiri, ku Lichenya ndi ku Chambe, kumagwa chisanu chenicheni, koma kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo si malo olimako.

Amene muli m'munsi mwenimweni mwa phiri, mbali ya Likhubula, Mimosa, Lujeri mpaka ku Muloza, kumene chiperoni chimagona masiku atatu kapena anayi osaona dzuwa, yesani. Amene muli kuchigwa, cha ku Nkando ndi kumunsi kwa Thuchila kulowera ku Phalombe, kumene phiri limatchinga mvula ndipo masana a Julayi amatenthabe, mtima wanga ukuti musatayepo nthawi. Mpiru ndi repu adzakubwezerani thukuta lanu mwachangu.

Palinso nkhani ya malo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje tilimo anthu oposa 680,000, ndipo nthaka yambiri yabwino ili pansi pa tiyi. Kamunda kamene anatisiyira amayi athu timagawana ndi abale, mwakuti bedi lililonse liyenera kudyetsa banja. Mbewu yokhala pa bedi theka la chaka isalande malo a ndiwo za tsiku ndi tsiku. Chaka choyamba bzalani mitengo khumi kapena khumi ndi iwiri basi, mzere umodzi m'mphepete mwa dimba kapena kuseri kwa nyumba. Ikakukanani simudzalira kwambiri.

Nazale ya pakhonde

Nazale ya Febuluwale siikidwa kudimba. Madimba athu a m'mbali mwa Ruo, Likhubula ndi Lichenya amakhala ali m'madzi nthawi imeneyo, ndipo tonse tikukumbukira zimene anatichita namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri, n'kutenga abale athu, nyumba ndi minda yomwe. Ngakhale chaka chabwinobwino, mvula ya Malichi imakwirira njere zazing'ono kapena kuzikokolola. Tsono nazale yanu ikhale pakhomo.

Tengani beseni lakale lobooka, kapena chidebe chodula pakati, mubooleko mabowo ena pansi kuti madzi azituluka. Dzazanimo dothi la pamwamba magawo awiri, manyowa owolerana bwino gawo limodzi, ndi mchenga pang'ono. Dothilo musatape pamene panali kabichi, repu kapena mpiru chaka chatha, chifukwa matenda awo ndi amodzi. Pondezani ndi chikhatho kuti pasalale, lembani timizere ndi chala, motalikirana ngati zala zinayi, ndipo mugwetsemo njere imodziimodzi. Njere zake n'zofanana ndi za mpiru, ndipo mu galamu imodzi mumakhala pafupifupi 300, choncho katsinidwe kamodzi kakukwanirani. Kwirirani mozama ngati sentimita imodzi, kutalika kwa chikhadabo chanu, musapitirire apo. Thirirani mofatsa, madzi akudzera m'kachitini kobooledwa ndi msomali.

Beseni likhale kumapeto kwa khonde, pamene pamafika dzuwa la m'mawa koma mvula yamkuntho sifika. Liikeni pa njerwa kapena pa thandala, kuopa nkhuku ndi ana okwawa. Pakatha masiku asanu mpaka khumi mudzaona zitamera. Apa mpofunika maso. Mbande zikakhala mumthunzi wokhawokha zimatalika n'kuonda ngati ulusi, ndipo mbande yotero sidzalimbanso moyo wake wonse. Zikathiriridwa mopitiriza zimaola m'tsinde n'kugwa zonse usiku umodzi. Thirirani m'mawa mokha, ndipo muyambe mwagwira dothi ndi chala. Zikathithikana patulirani, zotsala zitalikirane ngati zala ziwiri kapena zitatu. M'mera mpoyamba, amayi. Mtengo umene udzaime miyezi isanu ukupangidwa m'beseni lomweli.

Mbande zimakhwima pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, zikakhala ndi masamba enieni anayi kapena asanu, msinkhu wake wofanana ndi chikhatho. Sabata yotsiriza muzitulutsire padzuwa tsiku lonse ndi kuchepetsako madzi, kuti zizolowere za kunja.

Nthaka ya tiyi si nthaka ya kabichi

Pamene mbande zikukula, konzani kumene zikupita. Pali chinthu china chimene ife a kunsi kwa phiri tiyenera kuchidziwa. Tiyi amakondwa kuno chifukwa nthaka yathu yofiira, yotsukidwa ndi mvula yambiri, ndi yowawasa, imene alangizi amati ya asidi. Koma chokondweretsa tiyi chimasautsa banja lonse la kabichi. M'nthaka yowawasa mbewuzi zimapinimbira, ndiponso ndimo mmene mumakonda matenda otupitsa mizu. Mukaona kabichi akufota masana ngakhale mwathirira, ndipo mutazula mupeza mizu yatupa ngati tizibonga, dziwani kuti ndi matenda amenewo, ndipo amakhala m'dothi zaka zambiri. Pamalo potero musabzalepo tikabichi.

Mankhwala a nthaka yowawasa ndi laimu, koma mayi aliyense ali ndi wake kukhitchini. Phulusa la nkhuni, losasakanikirana ndi mapulasitiki, limagwira ntchito yomweyo. Wazani manja awiri pa sitepe iliyonse ya mzere wanu, mugaulire pamodzi ndi dothi, sabata ziwiri kapena zitatu musanawokere. Musalithire tsiku limodzi ndi feteleza kapena zitosi za nkhuku, chifukwa limathamangitsira mphamvu yake m'mwamba. Manyowa owolerana bwino alowe pambuyo pake, ndowa imodzi pa masitepe awiri.

Sankhani malo a dzuwa, osadikha madzi, pamene chaka chatha panali nyemba, anyezi kapena chimanga. Mukatha kugaula, lolani dothi likhazikike. Apa mpamene tikabichi timasiyana ndi mbatata. Sitifuna dothi lofewa ngati ufa. Mtengo wogwedezeka m'dothi lotakasuka umabereka timitu tomasuka, choncho pondanipo ndithu ndi mapazi musanakumbe mapando.

Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani beseni poyamba, ndipo zulani ndi supuni kuti mbande ituluke ndi dothi lake. Phando lililonse litalikirane ndi linzake masentimita 60, ndiko kunena kuti mapazi anu awiri ndi theka. Mudzaona ngati mukuononga malo, ndipo apongozi akadutsa adzakuuzani zomwezo, koma musamvere. Pofika Juni masamba adzakhala atagundana. Lowetsani mbande mpaka pa masamba oyambirira, tsinderani ndi zibakera mwamphamvu, kenaka thirirani. Kuti mudziwe ngati mwatsindira mokwanira, kokani nsonga ya tsamba limodzi. Tsamba likang'ambika mbande osazuka, mwakhoza. M'mipata yotsalayo mukhoza kubzalamo letesi kapena anyezi wamasamba, zimene mudzadye tikabichi tisanafunge.

Sabata zoyamba mdani wamkulu ndi mbozi yotuwa imene imabisala m'dothi masana, usiku n'kudula mbande pa tsinde ngati ndi lumo. Mukapeza mbande yagona m'mawa, fukulani ndi chala pomwepo, muipeza itadzipinda. N'chifukwa chake mbande zingapo zizitsala m'beseni, zopakizira.

Za feteleza ndinene mwachidule. Ngati mulinaye, kachitsekero ka botolo kamodzi ka chitowe pa phando powokera, kenaka kamodzi ka CAN patatha sabata zitatu kapena zinayi, ndi kenanso patatha mwezi. Thirani motalikirana ndi tsinde ngati zala zinayi. Timitu tikangoyamba kuoneka, lekani. Feteleza wobiriwitsa masamba akachuluka nthawi imeneyo, timitu timafutukuka. Ngati mulibe, madzi onyikamo manyowa a khola kwa sabata imodzi, osungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka, amathandiza ndithu.

Miyezi yodikira

Kuyambira Meyi ntchito ndi ya madzi ndi maso. Chiperoni chimanyenga. Chimanyowetsa masamba ndi nsalu zathu, koma nthawi zambiri sichilowa pansi. Pisani chala m'dothi, ndipo mukapeza pouma thirirani mokwanira, kawiri kapena katatu pa sabata, pa tsinde osati pa masamba. Phimbirani pansi ndi udzu wouma kapena masamba a nthochi kuti chinyontho chisathawe. Mtengo ukafika m'mawondo, kokerani dothi ku tsinde monga tibandira chimanga, ndipo kumene kumaomba mphepo zikani kamtengo mumangirire ndi luzi. Musaiwale mpanda. Anthu akakolola mbuzi zimamasulidwa, ndipo mbuzi sidziwa kuti mbewu inachokera ku Joni.

Tsiku lililonse mukapita kukathirira, tembenuzani masamba awiri kapena atatu muone kunsi kwake. Adani ndi awiri. Woyamba ndi nsabwe zotuwa ngati phulusa, zimene zimaunjikana kunsi kwa tsamba ndi kunsonga. Zikangolowa m'kati mwa timitu simungazitulutsenso, choncho zigonjetseni zikadali pa tsamba. Zifikiseni ndi zala, kapena wazani madzi osungunuliramo sopo wamtanda pang'ono, madzulo dzuwa litapepa. Wachiwiri ndi timbozi tobiriwira, ana a kagulugufe kakang'ono kotuwa kamene kamauluka chamadzulo. Timadya tsamba kunsi n'kusiya timawindo toonekera, ndipo mukatikhudza timadzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi. Pa mitengo khumi ndi iwiri, kutola ndi manja n'kokwanira. Ena a ife timasinja masamba a nimu kapena a ombwe, n'kuwanyika usiku wonse, m'mawa n'kusefa ndi kuwaza. Zimathandiza, koma madzi a ombwe asatayidwe mumtsinje chifukwa amapha nsomba.

Mankhwala a m'botolo ndimawaopa pa mbewu iyi kuposa pa ina iliyonse, poti timasamba ta m'kamutu n'topindana ndipo cholowamo sichituluka msanga. Ngati zakanikiratu, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, muwerenge masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwasunge. Mankhwala a thonje, a fodya kapena otetezera chimanga m'thumba asayandikire ndiwo za ana anu, ngakhale wogulitsa pamsika atalumbira motani.

Mukaona tsamba likuchita chikasu kuyambira m'mphepete kulowera m'kati, mitsempha yake ikuda, ndi matenda oola amene amayenda ndi madontho a madzi. Thyolani tsambalo mukalitenthe, ndipo musagwire ntchito m'mzeremo masamba ali onyowa. Masamba a m'munsi okalamba, achikasu, muzichotsanso kuti mphepo izidutsa. Koma obiriwira asiyeni, chifukwa ndiwo akuyamwitsa timitu. Mnzathu wina, poona ndiwo zavuta pakhomo, anathyola masamba onse ngati akuthyola repu, n'kusiya mitengo ili mbulanda. Timitu take tinathera pa msinkhu wa nandolo.

Kuthyola ndi kuphika

Timitu timakhwima kuyambira pansi. Kamutu kakafika ngati dzira la nkhunda, mutakafinya n'kumva kuti gwa, kathyoleni pokapotokola kapena kukadula ndi mpeni, pamodzi ndi tsamba la pansi pake. Musadikire kuti tikule ngati matimati, poti tikapitirira timang'aluka n'kuyamba kuwawa. Sabata iliyonse mudzathyola totsatira, kukwera m'mwamba, kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Kumaiko ozizira mtengo umodzi umapatsa timitu 50 kapena kupitirira apo. Kuno mukapeza theka lake, thokozani.

Pali nzeru ina imene imatithandiza ife a nyengo yaifupi. Pakati pa Ogasiti, mukaona kuti kwayamba kufunda koma timitu ta m'mwamba tikadali tating'ono, dulani nsonga ya mtengo monga achitira alimi a fodya. Mtengo umaleka kutalika, mphamvu yonse n'kupita m'timitu, ndipo m'sabata zitatu kapena zinayi timakhwimira pamodzi. Nsonga yodulayo musataye. Ndi ndiwo yofewa, yokoma kuposa repu.

Kukhitchini nako kuli msampha wake. Ife tinazolowera kusiya ndiwo pamoto mpaka nsima ipse, ndipo ena timathiramo soda kuti zifewe. Tikabichi tikaphikidwa motero timanunkha ngati dzira lovunda, ndipo bambo a kunyumba sadzafunanso kutiona. Dulani kunsi kwa kamutu kalikonse, chotsani timasamba takunja, nyikani m'madzi a mchere kanthawi kuti tizilombo tobisala tituluke, kenaka muzing'ambe pakati. Kazingani anyezi, ponyanimo timitu, tembenuzani mpaka tichite kofiirira m'mbali, thirani matimati ndi madzi pang'ono, vundikirani. Mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri zakwana. Tiphulidwe tikadali tobiriwira. Totendera timakomanso, koma yambani mwaphika nsinjiro pazokha mpaka zipse, timitu tilowe pomalizira. Soda ndiye ai, chifukwa amapha vitamini C amene ali wochuluka m'ndiwo imeneyi. Mulinso folate, chakudya chija chimene amatiuza kusikelo kuti n'chofunika kwa mayi woyembekezera.

Za kuwawa musaope kwambiri. Mitundu yakale inali yowawadi, koma m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a mbewu ku Netherlands anapeza chimene chimawawitsa, ndipo mitundu yambiri yatsopano inatuluka yozuna. Yakale monga Long Island Improved ikupezekabe, ndipo ubwino wake ngwakuti ndi yaifupi, siigwa ndi mphepo. Pogula, sankhani mtundu umene kapepala kake kakusonyeza masiku ochepa okhwimira. Kwathu, ana amene anakana tikabichi ta mu Okutobala ndi omwewo amene chaka chotsatira ankalimbirana ta mu Ogasiti, aliyense akuwerenga kuti m'mbale mwake mwagwa tingati.

Nanga msika?

Ena mwafunsa kale m'mitima mwanu kuti kodi muli ndalama. Ndiyankhe moona. Mukanyamula lichero la tikabichi kupita nalo pa Chitakale, anthu adzazungulira, adzagwiragwira, adzafunsa dzina, kenaka adzagula mpiru. Munthu sagula chimene sadziwa kuphika. Ogula ake ndi ena: malo ogona alendo a m'munsi mwa phiri, amene amadzaza m'miyezi yozizira yomweyi pamene anthu okwera phiri amachuluka pa Likhubula, ndiponso masitolo akuluakulu ndi nyumba zodyera za ku Limbe ndi Blantyre. Oterewa amafuna katundu wofanana kukula, woyera, wobwera tsiku limene mwapangana. Mayi mmodzi wa mitengo khumi sangakwanitse, koma amayi khumi ofesa sabata imodzi akhoza. Ngakhale zili choncho, chaka choyamba limani za mumphika. Chachiwiri tengani mbale imodzi mukaonetse wophika wa kumaloko, mumve chimene anene, ndipo pokhapokha atavomera mpamene muonjezere mizere. Timitu tothyola sitikhalitsa kunja kukafunda. Masiku awiri kapena atatu pamalo ozizira, tokutidwa ndi nsalu yonyowa, ndiye malire ake.

Mbewu ya chaka chamawa musayembekezere kuitenga m'munda mwanu monga tichitira ndi mpiru. Mtengowu umachita maluwa m'chaka chake chachiwiri, utapyola m'chisanu chachitali chimene kuno kulibe, ndipo mitundu yolembedwa F1 ngakhale itabereka, ana ake safanana ndi make. Mukatha kuthyola zulani mitengo yonse ndi mizu yomwe, pamalopo pabwere nyemba kapena chimanga, ndipo banja la kabichi lisabwererepo kwa zaka zitatu. Njere zotsala m'kapepala zimakhala zamoyo zaka zitatu kapena zinayi zikasungidwa pouma. Pindani kapepalako, ikani m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi phulusa louma pang'ono, ndipo mulibise kuchipinda, kutali ndi utsi ndi kutentha kwa kukhitchini. Lathu lili pamwamba pa kabati kwa msungichuma wa gulu, ndipo pa chivundikiro chake tinamatapo kapepala kolembedwa mawu awiri: 15 Febuluwale.